Musanaike ya renti pa hachi: mwamene mungawelengele Durban July

Mphepo ya July yayamba kuluma makutu, malipilo a kumapeto kwa June akali kutentha mu thumba, ndipo ma ligi akulu a bola ku Europe ali pa holide. Mukangena mu betting shop ya mu komboni wiki ino mupeza nkhani yasintha. Anyamata amene chaka chonse amakangana za Arsenal na Man United manje asanduka akatswili a mahachi. Uyu ati ali na nambala yochokela ku Joni, uja ati analota hachi yoyela. Imwe muli apo na K50 yanu m'manja, simudziwa womumvela.

Chimene chawautsa ni Durban July, mpikisano wa mahachi wotchuka kupambana yonse mu Africa. Umachitika pa Saturday yoyamba ya July pa bwalo la Greyville mu Durban, ku South Africa, ndipo zaka zambili umagwela pa weekend yathu yaitali ya Heroes na Unity. Nthawi ya ku Durban na ya kuno ni imodzimodzi, so cha m'ma 16 hours mahachi akachoka mu mageti, na imwe mumaonela pamene apo. Sitikupatsani nambala yowina, chifukwa aliyense amene akuti ali nayo akunamizani. Tikuonetsani chabe mwamene odziwa amawelengela mpikisano uyu, na mwamene ndalama imathawila mu thumba la munthu amene sadziwa.

Mpikisano wake ni wabwanji?

Durban July inayamba mu 1897, ndipo hachi yoyamba kuwina inali Campanajo. Masiku ano mtunda wake ni mamita 2,200 pa udzu, ndipo mahachi 18 ndiye amaloledwa kuthamanga. Ili mu gulu la Grade 1, kutanthauza mipikisano ya pamwamba kwenikweni, mwamene Champions League ilili ku bola. Kuchokela mu 2022 imadziwika na dzina la Hollywoodbets Durban July. Achikulile akumbukila pamene inali Vodacom July, ndipo azigogo amaidziwa kuti Rothmans July.

Mahachi ake ni a mtundu wa Thoroughbred, obadwila kuthamanga basi. Amafika pa liwilo la makilomita pafupifupi 60 pa ola, ndiye kuti mpikisano wonse umasila mu mphindi ziwili na masekondi ochepa. Ganizani bwino apo: ndalama imene mwaivutikila mwezi wathunthu ingasile musanatsilize na kumwa ka drink kamene mwatsegula.

Chinsinsi chili pa makilo

Apa ndiye pamene ambili amagwela. Durban July ni handicap. Pa bola matimu onse amangena 11 kwa 11, olo ina ikhale yolemela ina yosauka. Pa handicap hachi yamphamvu amaisenzetsa katundu wolemelako, yofooka amaipepukila, kuti onse afike pa mzele pafupifupi nthawi imodzi. Kulemela uku ni kwa joki pamodzi na chishalo chake. Ngati joki ni wopepuka, amaikila tuzitsulo twa mtovu mu nsalu ya pansi pa chishalo mpaka sikelo ikwane. Amamupima asanakwele, amamupima futi akatsika.

Amene amagawa makilo ni ma handicapper a bungwe la National Horseracing Authority. Hachi iliyonse ili na nambala yochedwa merit rating, imene imakwela ikathamanga bwino na kutsika ikalephela. Ku South Africa mapointi awili ni kilo imodzi. Mu zaka zapitazo hachi ya pamwamba mu July inali kusenza makilo 60, ena onse kutsika kuchokela apo.

Mungakambe kuti makilo asanu olo asanu na imodzi ni chani pa nyama yaikulu so? Funsani munthu wa wilibala ku Soweto Market. Thumba limodzi lowonjezela silimveka poyamba ulendo, limamveka pa chikweza cha pa last. Na hachi ni chimodzimodzi: makilo amaluma mu mamita 200 otsiliza, pamene mpikisano umawinidwa na mutu chabe olo mphuno.

Ndiye funso la wobecha wanzelu si lakuti "ni iti hachi yabwino kupambana onse?" Funso ni lakuti "ni iti hachi imene ba handicapper aipatsa katundu wochepa kusiyana na mphamvu yake?" Kambili yankho imapezeka pa mahachi a zaka zitatu. Ku South Africa mahachi onse amawonjezela chaka pa 1 August, so hachi imene ilembedwa kuti ni ya zaka zitatu mu July yatsala wiki zochepa kukwanitsa zinayi. Ikali kukula, mphamvu ikali kukwela, ndipo nthawi zina rating imatsalila kumbuyo.

Onani Do It Again. Mu 2018 anawina July ali na zaka zitatu, atasenza makilo 54. Mu 2019 anabwela futi, ba handicapper atamudziwa bwino, anamupatsa 60. Anawina ndithu. Ndiye chifukwa chake mpaka lelo amamulemekeza: kuwina na katundu wa pamwamba ni nchito ya mahachi ochepa maningi.

Hachi imene inathamanga na chipolopolo

Ngati muganiza kuti nkhani ya ndalama pa mpikisano uyu ni yamasewela, mvelani ya Sea Cottage. Mu June 1966, kutatsala wiki zitatu kuti July ichitike, Sea Cottage ndiye anali favourite, ndipo anthu anali ataika ndalama zambili pa iye. M'mawa wina akupita kukachita maekisesaizi ku gombe la nyanja mu Durban, munthu anamuwombela mfuti pa thako. Chipolopolo chinakhalila m'thupi, koma trainer wake Syd Laird anamuthamangitsa ndithu, ndipo anafika wachinayi. Amene anawina chaka chija ni Java Head, mnzake wa mu khola limodzi.

Mu 1967 Sea Cottage anabwela futi, atasenza makilo pafupifupi 12 kupambana ka hachi kachichepele kochedwa Jollify. Awiliwa anafika pa mzele pamodzi, majaji analephela kuwasiyanitsa, onse anapatsidwa nambala wanu. Nkhani iyi ili na maphunzilo awili. Loyamba: handicap imasebenza, ingapangitse hachi wamba kulingana na ngwazi. Lachiwili: olo favourite wamphamvu bwanji, pali zinthu zimene palibe pepala ingakuuzeni.

Mwamene mungawelengele racecard

Racecard ni pepala olo peji ya pa foni imene ionetsa mahachi onse. Poyamba imaoneka monga masamu a Grade 12, koma zofunika ni izi chabe.

*Form.* Pafupi na dzina mupeza manambala monga 3-1-2. Ni malo amene hachi inafika mu mipikisano yapita, ndipo ya kumanja ndiye yaposachedwa. Osangowelenga ma 1 chabe. Funsani kuti inawina ndani. Kufika wachitatu mu Grade 1 kumaposa kuwina ka mpikisano ka pakati pa wiki, monga mwamene draw na timu yaikulu imaposela kumenya ka timu ka mu Division One.

*Mipikisano yokonzekela.* Odziwa amayang'ana Daily News 2000, ya mahachi a zaka zitatu pa Greyville pamene apo, Gold Challenge ya mamita 1,600, Cup Trial ya 1,800, na Cape Town Met imene imachitika mu January ku Kenilworth. Mavidiyo ake amapezeka pa intaneti. Poonela, osayang'ana wowina yekha. Sakilani hachi imene inatsekeledwa njila olo inachedwa kuchoka, koma inabwela na moto pa last. Nambala yake pa pepala ingakhale 5, koma maso anu aona zimene pepala siionetsa.

*Mtunda.* Hachi ina ni ya liwilo, ina ni ya mpweya. Imene imawina pa 1,600 siili na chitsimikizo chakuti ifika 2,200 ikali na mphamvu. Onani ngati inathamangapo 2,000 olo kupitilila, ndipo inatsiliza bwanji.

*Draw.* Iyi ni nambala ya geti imene hachi ichokelamo. Greyville ni bwalo lokhotela kumanja, la makona othina, pakati pake pali golf course, ndipo msewu wowongoka wa pa last ni waufupi. Hachi ya kunja ingazungulile mtunda wautali, ya mkati ingatsekeledwe monga minibasi pa Lumumba Road nthawi ya 17 hours. Koma draw si chiweluzo. Kommetdieding mu 2021 anachokela kunja kwenikweni na kuwina.

*Joki na trainer.* Mu gulu la mahachi 18, joki wodziwa nthawi yotulukila ni theka la nchito. Maina monga Justin Snaith, Mike de Kock, Sean Tarry, Dean Kannemeyer na Brett Crawford ni ma trainer amene anawinapo July. Ngati trainer ali na mahachi atatu, onani kuti joki wake wamkulu wakwela iti. Si lamulo, chifukwa nthawi zina joki amalephela kutsika sikelo kufika pa makilo ochepa, koma ni chizindikilo.

*Nthaka.* July ni nyengo youma ku Durban, koma mvula ikagwa udzu umafewa, ndipo mahachi ena amadana nazo. Onani nyengo m'mawa wa Saturday musanaike ndalama.

Ma odds akuuzani chani?

Mukaona 5/1, ndiye kuti K10 yanu ikawina ibwela na K50 pamwamba, zonse K60. Pa foni nambala imodzimodzi imalembedwa 6.00. Manje gawani 100 na 6, mupeza pafupifupi 17. Ndiye kuti ba bookie akamba kuti mpikisano uyu utathamangidwa ka 100, hachi iyi ingawine ka 17 chabe, olo kuti kamodzi pa maulendo 6. Maulendo asanu enawo ndalama yanu yapita.

Olo favourite wa pa 3/1, amene shop yonse imukuwila, masamu akamba kuti aluza katatu pa kanayi. Liwu lakuti "sure" pa mahachi kulibe.

Chinanso chimene safuna muziganizila ni ichi. Tiyelekeze mahachi awili olingana ndendende, iliyonse pa 1.90. Mukaika K10 uku na K10 uku, mwatulutsa K20, ndipo olo iwine iti, mubweza K19. K1 ija ni ya ba bookie, ndipo amaidya olo kugwe mvula olo kuwale dzuwa. Pa mahachi 18 ka gawo kaja kamakulilako. Shop imalipila renti, malaiti na anchito kuchokela mu matumba a anthu obecha, osati kumwamba.

Pali futi kusiyana pakati pa fixed odds na tote. Pa fixed odds mtengo umene mwatenga ndiye wanu. Pa tote ndalama za onse zimangena mu poto imodzi, eni ake amachotsapo gawo lao, yotsala imagawidwa kwa owina. Mwachitsanzo, ngati mu poto mwatsala K800 ndipo pa hachi yowina panaikidwa K100, K1 iliyonse ilandila K8. Koma ngati panaikidwa K400, K1 ilandila K2 chabe. Pa tote, kutsatila gulu ni kugawana ka nsima kamodzi na komboni yonse.

Mitundu ya mabeti

*Win:* hachi yanu ifike yoyamba. *Place:* ifike mu malo olipilidwa. Funsani kuti alipila malo angati musanalipile, chifukwa makampani amasiyana. *Each-way:* ni mabeti awili, win na place, so "K10 each-way" ni K20. *Swinger:* mahachi anu awili onse akhale mu atatu oyamba, mulimonse mwamene abwelele. *Exacta:* woyamba na wachiwili mu ndondomeko yake. *Trifecta:* atatu oyamba. *Quartet:* anayi oyamba.

Quartet ndiye imakoka anthu chifukwa malipilo ake amamveka monga maloto. Tiyeni tiwelenge. Pa mahachi 18, exacta ili na njila 306 zimene ingatulukile. Trifecta ili na 4,896. Quartet ili na 73,440. Imwe na tiketi yanu ya mzele umodzi mwagwila njila imodzi chabe pa zonse izo. Mukachita box, kutanthauza kuti abwele mulimonse, mahachi anayi ni mizele 24, asanu ni 120, asanu na imodzi ni 360. Pa K1 mzele umodzi, box ya mahachi 6 ni K360. Iyo ni ndalama ya unga na ndiwo, ndipo hachi imodzi chabe ya kunja kwa list yanu ikangena pa nambala 4, tiketi yafa.

Kwa munthu woyamba, win olo place pa hachi imodzi imene mwaiwelenga bwino ndiye beti imene mungaimvetse kuchokela poyamba mpaka pa last.

Misampha inayi

Woyamba: mahachi a pa screen amene amathamanga mphindi zochepa zilizonse, usana na usiku. Aja ni ma virtual, zithunzi za kompyuta. Kulibe joki, kulibe makilo, kulibe form. Zonse zimene mwawelenga pamwambapa sizisebenza kuja. Ni bonanza yovala chishalo.

Wachiwili: kubecha kudakali masiku ambili. Mtengo umaoneka wokoma, koma pa mabeti a ante-post kambili hachi ikachotsedwa mu mpikisano ndalama siibwela. Welengani malamulo a kampani yanu, olo lindilani list yotsiliza.

Wachitatu: kung'amba tiketi msanga, olo kuyamba kugulila anzanu mowa msanga. Mu 2014 Wylie Hall ndiye anadutsa mzele woyamba, koma panabwela dandaulo lakuti anasokoneza mnzake, ndipo akuluakulu anapatsa mpikisano kwa Legislate. Mu 2008 Pocket Power na Dancer's Daughter anafika pamodzi, ndipo zikatelo malipilo amagawidwa. Lindilani zotsatila zitsimikizidwe. Onani futi pa slip ngati pali msonkho wodulidwa, kuti musakangane na mtsikana wa pa kaunta pa chinthu chimene si mlandu wake.

Wachinayi: ogulitsa ma tip pa WhatsApp na Facebook. Machenjela ao ni akale. Gulu ili amaliuza nambala 3, gulu lija nambala 7, lina nambala 12. Gulu limodzi liwina, ndiye ma screenshot amene muona mailo. Dzifunseni: munthu wodziwa wowina angavutike na K30 yanu ya mobile money?

Chifukwa chake timaikonda

Olo musabeche, mpikisano uyu uli na nkhani zokoma. Mu 2002 anawina Ipi Tombe, hachi yaikazi yobadwila ku Zimbabwe, kutsidya kwa Zambezi chabe, imene inagulidwa pa mtengo wochepa maningi. Chaka chotsatila anakawina mpikisano waukulu ku Dubai. Mu 2013 S'manga Khumalo, mnyamata wa mu komboni ya KwaMashu, anakhala joki wakuda woyamba kuwina July, atakwela Heavy Metal, ndipo mu 2022 anabweleza na Sparkling Water. Mu 2021 Ashwin Reynolds wa ku Cape Flats anakhala mwini hachi woyamba wosakhala mzungu kutenga chikho, na Kommetdieding uja. Mu 2023 joki wachichepele Kabelo Matsunyane anawina na Winchester Mansion.

Koma onani bwino maina awa. Onse anadya za July chifukwa ni nchito yao: kuuka usiku, kudziletsa kudya kuti sikelo isakwele, kugwa na kuthyoka mafupa. Palibe pakati pao amene anatchuka na tiketi ya pa kaunta.

Ndipo theka la anthu amene amadzaza Greyville amapitila zovala. Chaka chilichonse pamakhala mutu wa fashoni, ndipo ma designer na oimba amapikisana kupambana mahachi. Imwe ba sisi amene mumasoka, kuonela TV tsiku lija ni kosi yaulele.

Musanachoke pa nyumba pa Saturday

Lipilani ba landilodi poyamba. Gulani unga, malasha na mayuniti a malaiti, ikani pambali transport ya mwezi na ya ana ku sukulu. Imene yatsala, chotsanipo ndalama imene mungataye osalephela kugona, monga ya kuonela bola ku Heroes Stadium. Iyo ndiye ya mahachi, ndipo muiwelenge kuti yapita kale.

Nyamulani cash ya beti chabe, ndipo musakhudze ya mu foni. Tsiku la July pamakhala mipikisano yambili kuchokela masana mpaka madzulo, ndipo msampha uli apo: mwaluza wachitatu, mufuna kubweza pa wachinayi, pofika 16 hours mwayamba kutumila anthu kuti akutumileni kangachepe. Osabecha na ya chilimba, osabecha na ya order ya pa kantemba, ndipo kaloba musaiyandikile olo pang'ono. Wa kaloba safunsa kuti hachi yanu inaluza na mphuno chabe, iye abwela kutenga TV.

Ngati simunakwanitse zaka 18, iyi si nkhani yanu, onelani zovala na mahachi basi. Ndipo ngati mwaona kuti mwayamba kubisa ma slip kwa amai a kunyumba olo amuna anu, mukunama za kumene malipilo apita, olo mtima sukhala pansi ngati simunabeche, kambani na munthu amene mumakhulupilila, m'bale, abusa olo a ku kiliniki. Ni vuto imene imagwila anthu ambili, ndipo imapola msanga ikakambidwa.

Kwa ena nonse, njila yotsika mtengo yosangalalila ni iyi: lembani manambala 1 mpaka 18 pa tumapepala, ikani mu chisote, aliyense pa gulu lanu aponye K5 na kutola kamodzi. Wowina atenga poto yonse, palibe bookie wodyapo, ndipo ndalama ikhala mu komboni. Valani jekete yanu yabwino, khalani pafupi na mbaula, kuwani mpaka mau asile. Pa Sunday m'mawa nsima ikhale pa tebulo.